Kuona Berlin ndi Diso Limodzi

Chaka ndi chaka, nyengo yozizira ikangotha ku Ulaya, sitima zonyamula alendo zimayamba kuyenda pamtsinje wa Elbe. Ulendo wotchuka umayambira mumzinda wa Prague, n'kutsetsereka ndi madzi kudutsa m'mapiri a miyala a ku Saxony, kuima ku Dresden, ku Meissen, ku Torgau ndi ku Wittenberg, n'kukathera ku Berlin, likulu la dziko la Germany. Popeza Berlin sali pa Elbe koma pamtsinje wa Spree, sitima zina zimafikako podzera m'ngalande yokumba ndi mumtsinje wa Havel, pamene alendo a sitima zina amatsika ku Wittenberg n'kumaliza ulendo wawo pabasi. Akafika amapatsidwa tsiku limodzi kapena awiri oti aone mzindawo. Amazungulira, amajambula zithunzi, amagula timphatso, kenaka n'kubwerera kwawo ali otsimikiza mumtima kuti Berlin amuona. Zoona zake n'zakuti amuona ndi diso limodzi, ndipo diso linalo sanatseke okha. Amene anawatseka ndi okonza ulendowo.

Palibe amene angatsutse kuti zimene amaonazo n'zoyenera kuziona. Basi imaima pa Brandenburg Gate, chipata chimene chinamalizidwa mu 1791. Imadutsa pa Reichstag, nyumba ya malamulo imene inatsegulidwa mu 1894, inatenthedwa mu 1933, ndipo inavekedwa denga lagalasi mu 1999. Alendo amasonyezedwa zotsala za khoma lija linazinga Berlin wakumadzulo pamtunda wa makilomita 155 kuyambira pa 13 Ogasiti 1961 kufikira pa 9 Novembala 1989, khoma limene anthu osachepera 140 anaferapo. Amakhala pamzere pa Checkpoint Charlie kudikira kujambulidwa pa kanyumba ka asilikali, ngakhale kanyumbako n'kongoyerekeza, popeza kenikeni kanachotsedwa mu 1990. Amayenda mwakachetechete pakati pa miyala 2,711 ya chikumbutso cha Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa ndi boma la Hitler.

Mtundu wa Ajeremani uyenera kuyamikidwa pa chinthu chimodzi: sunabise manyazi ake a nthawi ya Hitler. Si mitundu yambiri imene ingapereke malo a pakati penipeni pa likulu lake, pafupi ndi nyumba ya malamulo, kuti pamangidwe chikumbutso cha mlandu wake womwe. Chikumbutso cha Ayuda chinatsegulidwa mu 2005, ndipo cha anthu a mitundu ya Sinti ndi Roma chinatsegulidwa mu 2012. Woperekeza alendo aliyense amadziwa nkhani zimenezi pamtima ndipo amazifotokoza mosaphonya tsiku kapena dzina. Koma apa ndi pamene funso likukulira. Ngati mzinda uwu uli wodziwa kukumbukira chotere, nanga bwanji nkhani ya Africa imasowa malo pa ulendo wa basi? Munthu wodziwika ndi kuiwala akaiwala sadabwitsa. Koma amene amakumbukira zonse n'kusiya chimodzi, ameneyo sanaiwale ayi, wachita kusankha.

Kuchokera pa miyala 2,711 ija, munthu woyenda pansi sangathe mphindi khumi asanafike pa nambala 92 mumsewu wa Wilhelmstrasse. Lero pamalopo pali nyumba wamba zokhalamo anthu, zomangidwa m'zaka zomaliza za boma la East Germany. Kale panali nyumba ya mtsogoleri wa boma, Otto von Bismarck, ndipo nambala yake inali 77. M'nyumba imeneyo, kuyambira pa 15 Novembala 1884 mpaka pa 26 Febuluwale 1885, nthumwi za maiko 14 zinakhala pansi kukambirana za Africa. Panali Britain, France, Portugal, Belgium, Germany, Italy, Spain, Russia, United States ndi maiko ena. Panalibe mfumu, nduna kapena mlembi ndi mmodzi yemwe wochokera ku Africa. Mlandu unazengedwa mwini wake palibe, ndipo chigamulo chake chinagwera ana ake ndi zidzukulu zake.

Nanga pamalo akulu chotere pali chiyani? Pali chikwangwani chimodzi chokha m'mphepete mwa msewu, chimene chinaimikidwa mu 2005, patapita zaka 120 chitsekereni msonkhanowo. Sichinaimikidwe chifukwa chakuti boma linagwidwa ndi chisoni. Chinaimikidwa chifukwa chakuti anthu a ku Africa okhala mu Berlin anaumirira. Basi ya alendo ingathe kudutsa pamenepo osachepetsa liwiro, ndipo amene ali m'katimo sangadziwe kuti adutsa pakhomo pamene tsogolo la mitundu mazanamazana linagulitsidwa. Maso awo amakhala atalunjika kale kwina, pakuti pafupi ndi pomwepo pali malo amene panali dzenje lobisalamo Hitler, ndipo nkhani ya dzenjelo ndi imene woperekeza saiwala.

Anthu ambiri amanena kuti pamsonkhano wa ku Berlin azungu anayala mapu patebulo n'kugawana Africa monga agawanira nyama pa uzimba. Mbiri yeniyeni ndi yozama kuposa pamenepo. Malire ambiri analembedwa pambuyo pake, m'mapangano a maiko awiriawiri. Chimene msonkhanowo unachita ndicho kuika malamulo a kalandidwe, kuti olandawo asamenyane okhaokha: dziko lotenga chigawo cham'mbali mwa nyanja lidziwitse anzake, ndipo lisonyeze kuti lili ndi mphamvu zolamulira kumeneko. Panthawi yomweyo maiko anavomereza kuti Mfumu Leopold II wa ku Belgium atenge Congo, imene anaisunga ngati munda wake mpaka 1908. Ndipo gawo lalikulu la zokambiranazo linali la mitsinje. Anagwirizana kuti sitima za maiko onse ziziyenda mwaufulu pa Congo ndi pa Niger, potsata malamulo amene anakonzedwera mitsinje ya ku Ulaya pamsonkhano wa ku Vienna mu 1815. Kodi sichodabwitsa kuti mlendo amene wangotsika m'sitima yapamtsinje sauzidwa kuti wafika mumzinda umene mitsinje ya eni ake inatsegulidwira popanda kuodira?

Asaganize wina kuti iyi ndi nkhani ya ku Congo kokha. M'ndime yoyamba ya pangano la msonkhanowo, pofotokoza chigawo chimene malonda anayenera kuchitika popanda msonkho woletsa, mwalembedwa maina atatu odziwika kwa mwana aliyense wa sukulu m'dziko lino: mtsinje wa Zambezi, mtsinje wa Shire, ndi nyanja imene iwo ankaitcha Nyassa. Malire a chigawocho anakwera ndi Zambezi kufika mamailosi asanu kumtunda kwa pamene Shire athira, n'kutsata zitunda zimene zimalekanitsa madzi opita kunyanja ndi madzi opita ku Zambezi. Asodzi a pa Shire ankavuula makoka awo, amayi ankasinja ndi kuphika, mafumu ankaweruza milandu pabwalo, osadziwa kuti mtsinje wawo ukutchulidwa m'Chifalansa m'chipinda chofunda cha ku Wilhelmstrasse. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1891, dziko lino linalengezedwa kuti lili m'manja mwa Angerezi.

Pali pangano linanso limene linasainidwa mumzinda womwewo pa 1 Julayi 1890, pakati pa Britain ndi Germany, ndipo limeneli likukhudza mtsinje weniweniwo umene mlendo wayendapo. Kufupi ndi kumene Elbe athira m'nyanja yamchere kuli kachilumba kotchedwa Heligoland, kamene panthawiyo kanali m'manja mwa Angerezi. Ajeremani anakafuna kuti atchinjirize khomo la mitsinje ndi madoko awo. Anakalandira, ndipo iwo anavomereza kuti Angerezi alamulire Zanzibar. M'pangano lomwelo Ajeremani anapatsidwa kamzere ka dziko kofika ku Zambezi, kamene kanatchedwa Caprivi potsata dzina la mtsogoleri wa boma lawo. M'pangano lomwelonso munalembedwa malire otsata gombe la nyanja ya Malawi kufikira pamene Songwe athira, ndipo ndilo pepala limene limatchulidwa nthawi zonse nkhani ya malire a panyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania ikabuka. Kachilumba kosakwana makilomita awiri m'litali mwake kanaikidwa pasikelo limodzi ndi maiko a anthu. Mlendo wa pa Elbe sauzidwa zimenezi, kungakhale m'sitima kapena m'basi.

Chimene amauzidwa ndi cha ku Potsdam, kumene basi zambiri zimaima zisanalowe mu Berlin. Kumeneko amaona nyumba yachifumu ya Sanssouci ndi minda yake, ndipo amamva za msonkhano wa mu 1945, kuyambira pa 17 Julayi mpaka pa 2 Ogasiti, pamene Truman, Stalin, Churchill, ndi Attlee amene analowa m'malo mwa Churchill, anagwirizana za tsogolo la Germany Ajeremani palibe. Alendo amapukusa mitu ndi chisoni pomva kuti dziko linagawidwa ndi anthu akunja. Chisonicho n'choyenera. Koma kugawidwa kwa Germany kunatha mu 1990, patapita zaka 45, pamene malire amene anabadwa m'mpikisano wa atsamunda alipo mpaka lero, ndipo akulekanitsabe Mchewa wa ku Mchinji ndi mbale wake wa ku Chipata ndi wa ku Tete. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Potsdam ndi Wilhelmstrasse ndi mitu iwiri ya phunziro limodzi, ndipo amene amaphunzitsa mutu umodzi wokha akunamiza ophunzira ake.

Kubisaku sikuyambira mu Berlin. Ku Wittenberg, kumene sitima zimaima, mlendo amatsogoleredwa ku khomo la tchalitchi kumene Martin Luther akuti anakhoma mfundo zake 95 mu 1517. Koma mumzinda womwewo, mu 1734, munthu wakuda wobadwira ku Axim m'dziko limene lero ndi Ghana analandira digiri ya udokotala pa maphunziro a nzeru zakuya. Dzina lake ndi Anton Wilhelm Amo. Anatengedwa kupita ku Ulaya ali mwana, anaphunzira ku Halle ndi ku Wittenberg, anaphunzitsa ana a azungu ku Halle ndi ku Jena, ndipo pambuyo pake anabwerera kwawo. Zimenezi zinachitika zaka 150 Bismarck asanaitane msonkhano wake wa anthu odzitcha obweretsa kuunika ku Africa. Dzina la Amo likanatchulidwa m'sitima, bodza lonse la utsamunda likanagwa sitimayo isanakocheze.

Alendo amene atsala ndi maola ochepa amathamangira ku nyumba zosungiramo zinthu zakale zimene zili pachilumba cha pa Spree. Kumeneko amaima kukamwa kuli yasa pamaso pa chosema cha Mfumukazi Nefertiti, chimene chinafukulidwa ku Amarna mu 1912, n'kupita nacho ku Berlin mu 1913, ndipo anthu a ku Egypt akhala akuchiitanitsa kwa zaka zambiri. Patsidya pa msewu pali Humboldt Forum, nyumba yachifumu ya mafumu a Prussia imene inamangidwanso n'kutsegulidwa mu 2021, m'mene muli katundu wa ku Africa, ku Asia ndi ku zilumba za Pacific. Zina mwa zosema zotchuka za mkuwa za ufumu wa Benin, zimene asilikali a Angerezi anafunkha mu 1897, zinagulidwa ndi Berlin. Mu 2022 dziko la Germany linavomereza kuti zinthu zoposa 1,100 za mtundu umenewu ndi za Nigeria, ndipo zoyamba zinaperekedwa ku Abuja mu Disembala chaka chomwecho. Mlendo wothamanga amaona kukongola kwa mkuwa, koma safunsa kuti unafika bwanji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ana amakokera makolo awo ku Museum für Naturkunde kukaona mafupa a dinosaur, chilombo chakalekale cha mtundu wa zija mafupa ake anapezeka ku Karonga. Chimene chili ku Berlin chimatalika mamita oposa 13, ndipo chimatamandidwa kuti palibe china choimikidwa chotalika kuposa icho. Koma chilombocho si cha ku Germany. Chinafukulidwa ku Tendaguru, kummwera kwa Tanzania, pakati pa 1909 ndi 1913, dzikolo lili m'manja mwa Ajeremani. Amene anakumba ndi anthu akuda mazanamazana, ndipo amene anasenza mafupa olemera matani oposa 200 pamitu ndi pamapewa, ulendo wa masiku angapo kufikira kudoko la Lindi, ndi amtengatenga akuda. Mwana wa ku Lindi amene akufuna kuona chimene makolo ake anakumba ayenera kupempha chiphaso cholowera ku Ulaya, chimene angathe kumanidwa.

Ndipo si mafupa a zilombo okha amene anawoloka nyanja. Kuyambira mu 1904 mpaka 1908 asilikali a Germany anapulula Aherero ndi Anama m'dziko limene lero ndi Namibia. Mkulu wa asilikali, Lothar von Trotha, analamula pa 2 Okutobala 1904 kuti Mherero aliyense wopezeka m'dzikomo aomberedwe. Akatswiri a mbiri ambiri amati Aherero okwana 65,000 ndi Anama okwana 10,000 anafa, ena ndi ludzu m'chipululu, ena m'misasa ya ukaidi. Zibade za ena mwa iwo zinatumizidwa ku Berlin kuti akatswiri azipime pofuna kutsimikiza bodza lakuti munthu wakuda ndi wotsika. Chipatala cha Charité chinabweza zibade 20 ku Namibia mu 2011. Boma la Germany linavomereza mu Meyi 2021 kuti kumeneku kunali kupulula mtundu, ndipo linalonjeza mayuro 1.1 biliyoni pa zaka 30, koma mafumu ambiri a Aherero ndi Anama anakana panganolo ponena kuti anasiyidwa kunja pokambirana. Pakati pa Berlin, pamene pali miyala 2,711, palibe chikumbutso cha boma cha anthu amenewa.

Nkhondo ya Maji Maji, ya mu 1905 mpaka 1907, ndiyo ikufika pafupi kwambiri ndi kuno. Anthu a mitundu yambiri kummwera kwa Tanzania anaukira thangata ya thonje ndi msonkho, ndipo Ajeremani anayankha ndi kutentha midzi, minda ndi nkhokwe. Akufa, ambiri a iwo ndi njala, amawerengedwa kuyambira 75,000 mpaka 300,000. Pa 27 Febuluwale 1906 atsogoleri ambiri a Angoni anapachikidwa ku Songea, ndipo mtsogoleri wawo, Songea Mbano, anaphedwanso n'kudulidwa mutu. Angoni amenewa ndi abale a Angoni a ku Ntcheu, ku Mzimba ndi ku Chipata, mbewu imodzi imene inachokera kummwera n'kuwoloka Zambezi. Pa 1 Novembala 2023 Pulezidenti wa Germany, Frank-Walter Steinmeier, anaima ku Songea n'kupempha chikhululukiro, ndipo analonjeza kufunafuna chibade cha mtsogoleriyo. Bungwe loyang'anira nyumba zazikulu zosungiramo zinthu zakale mu Berlin linafufuza zibade zoposa 1,100 zochokera kummawa kwa Africa, zambiri za ku Rwanda. Mlendo amene akudya chakudya chomaliza cha ulendo wake m'mbali mwa Spree sadziwa kuti mzinda umene akusangalalamo wasunga maliro a eni ake osaikidwa.

Ngakhale nyanja ya Malawi ili ndi dzina lake m'nkhani imeneyi. Hermann von Wissmann, msilikali amene anaphwanya kuukira kwa anthu a m'mbali mwa nyanja yamchere kummawa kwa Africa mu 1889, dzina lake linaperekedwa ku sitima ya Ajeremani imene inayamba kuyenda panyanjayi mu 1893. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen inaiombera ili pagombe ku Sphinxhafen, kumene lero ndi Liuli, ndipo mwezi wotsatira magazi anakhetsedwa ku Karonga. Ambiri mwa amene anagwa kumeneko anali asilikali akuda, kumbali zonse ziwiri, pankhondo imene sanaiyambe. Ichi ndicho chinawawitsa mtima M'busa John Chilembwe kufikira analemba kalata yake yodandaula chakumapeto kwa chaka chomwecho. Ku Berlin dzina la Wissmann linakhala pamsewu wa ku Neukölln mpaka 2021, pamene msewuwo unapatsidwa dzina la Lucy Lameck, mmodzi wa amayi oyamba kulowa m'boma la Tanzania.

Kusintha kwa maina a misewu kukuphunzitsa chinthu chachikulu. Mu 2010 msewu wa m'mbali mwa Spree umene unali ndi dzina la Gröben, amene anakhazikitsa linga la Brandenburg ku gombe la Ghana mu 1683, unatchedwa May-Ayim-Ufer polemekeza mlakatuli wachijeremani wakuda. Mu 2022 maina a Lüderitz ndi Nachtigal anachotsedwa, m'malo mwake munalowa Cornelius Fredericks wa ku Namibia ndi banja la Manga Bell la ku Cameroon. Mu 2024 msewu umene boma la Hitler linautcha dzina la Carl Peters mu 1939 unagawidwa pawiri, mbali ina Maji-Maji-Allee, mbali ina Anna-Mungunda-Allee. Mu 2025 msewu wa pakati pa mzinda umene dzina lake anthu akuda ankati n'lonyoza unapatsidwa dzina la Anton Wilhelm Amo. Palibe ndi limodzi lomwe mwa maina amenewa limene linabwera ngati mphatso. Anthu akuda a mu Berlin, pamodzi ndi Ajeremani anzawo okonda chilungamo, anayenda m'misewu, analemba makalata, anapirira milandu ya m'makhoti zaka ndi zaka. Mwana wosalira amafera m'mbereko.

Tsono alipo amene amateteza kaonedwe ka diso limodzi. Oyamba amati mlendo walipira ndalama zake kuti apumule, osati kuti alire maliro. Mawu amenewa akanamveka ulendowo ukanakhala wa maluwa ndi nyimbo zokhazokha. Koma mlendo yemweyo amauzidwa za moto umene unanyeketsa Dresden mu Febuluwale 1945, amaimitsidwa ku Torgau pamene asilikali a America ndi a Soviet Union anakumana pa 25 Epulo chaka chomwecho, amayendetsedwa pakati pa miyala ya Ayuda, amawerengeredwa akufa a pakhoma. Ulendo wa pa Elbe ndi wodzaza ndi maliro kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo palibe amene amadandaula kuti tchuthi chake chaonongeka. Choncho si maliro amene akupewedwa. Akupewedwa ndi maliro a anthu akuda.

Achiwiri amati nthawi ndi yochepa. Bodza ili ndi losavuta kuligwira, pakuti Wilhelmstrasse sali kunja kwa mzinda. Ndi msewu umene umadutsa kuseri kwa Brandenburg Gate, ndipo basi zimayendamo kale. Ngati pali theka la ola loti anthu akhale pamzere kudikira chithunzi pa kanyumba kongoyerekeza ka Checkpoint Charlie, ngati pali nthawi yoti agule timiyala topakidwa utoto timene amati n'tozidutswa ta khoma, pangasowe bwanji mphindi zisanu zoti woperekeza atchule chaka cha 1884? Nthawi imasowa pa zimene munthu sazifuna.

Achitatu amati zakale zipite, popeza Germany wa lero ndi bwenzi la maiko a mu Africa ndipo amathandiza pa ntchito zachitukuko. Ubwenziwo ulipo ndipo ndi woyenera kuusunga. Kukumbukira si chidani, ndipo Mjeremani wa lero sanapachike munthu ku Songea. Koma Ajeremani enieniwo ndi amene anasonyeza dziko lonse kuti mtundu umakula pamene wavomera mlandu wake. Pulezidenti wawo sanapite ku Songea kukanena kuti zakale zipite; anapita kukawerama. Kodi wogulitsa matikiti a sitima angakhale wanzeru kuposa iye? Mlandu suola, ndipo ubwenzi umene ungagwe chifukwa chotchula choonadi ndi ubwenzi wa pamowa.

Chifukwa chenicheni cha kubisaku ndi malonda. Makampani a sitima amagulitsa chimene wogula akudziwa kale. Ambiri mwa alendo awo ndi achikulire ochokera ku America, ku Britain ndi ku maiko ena a ku Ulaya, ndipo nkhani ya Hitler ndi ya khoma imawapatsa malo abwino oimapo, pakuti ambiri a iwo amadziona kuti anali kumbali ya opambana ndi olungama. Nkhani ya ku Wilhelmstrasse silola zimenezo. Patebulo lija panali Britain, panali France, panali Belgium, panali America. Aliyense m'basimo angapeze mbendera ya kwawo. Wamalonda amaopa kuti wogula akachita manyazi sadzabweranso, choncho amasankha kukhala chete, ndipo kukhala chete kwakeko kumasanduka mbiri imene anthu zikwizikwi amapita nayo kwawo chaka chilichonse.

Koma mlandu waukulu suli pa wamalonda. Uli pa mwana wa mu Africa amene amafika mu Berlin n'kulola kuti amutsogolere ngati mbuzi yapachingwe. Maiko a mu Africa ali ndi akazembe mumzindawo. Nthumwi za maboma zimapitako ku misonkhano, ndipo akuluakulu oona za zokopa alendo amasonkhana kumeneko ku chionetsero cha ITB, chimene chinayamba mu 1966. Wogwira ntchito m'boma amene watumidwa ndi ndalama za msonkho wa alimi, nabwerako ndi chithunzi cha pa Brandenburg Gate ndi sutikesi yodzaza, koma osadziwa khomo limene Shire anatchulidwira, ameneyo wayenda ndi miyendo yokha, mutu unatsala pabwalo la ndege. Mzungu wopuma pantchito wochokera ku Ohio angakhululukidwe posadziwa, pakuti malire a dziko lake sanalembedwe kumeneko. Mwana wa pa Zambezi alibe chowiringula.

Choyenera kuchita sichifuna ndalama kapena chilolezo cha munthu. Amene wafika mu Berlin, kaya pasitima yapamtsinje kaya pandege, aone zonse zimene anzake amaona, ndipo aime mwaulemu pa chikumbutso cha Ayuda, pakuti imfa ya munthu wosalakwa ilibe mtundu. Akatero ayende mphindi khumi zija kufika pa nambala 92, awerenge chikwangwanicho mpaka mzere womaliza. Akalowa mu Humboldt Forum afunse za chinthu chilichonse kuti chinachokera kwa yani, anachitenga ndani, m'chaka chiti, ndipo anachigula kapena anachilanda. Akaima pansi pa dinosaur atchule Tendaguru. Woperekeza akadumpha chaka cha 1884, amufunse mwaulemu pamaso pa alendo onse, chifukwa funso lofunsidwa kawirikawiri ndilo limasintha mapepala a kampani. Ndipo akabwerera, lipoti lake la kuofesi likhale ndi ndime ya zimene waphunzira, osati mndandanda wa mahotela okha. Safunsa anadya phula.

Likulu la dziko lili ngati nkhokwe ya mbiri ya mtundu, ndipo mlendo wanzeru sakhutira ndi chimanga chimene mwini wake wayala pamwamba. Berlin weniweni ndi wa Bismarck ndi wa Amo, wa khoma ndi wa Wilhelmstrasse, wa miyala 2,711 ndi wa zibade zimene zikudikirabe manda. Anthu a mumzindamo ayamba okha kutsegula diso lachiwiri, msewu ndi msewu, dzina ndi dzina. Chingakhale chamanyazi kuti eni nkhani, amene makolo awo sanaitanidwe mu 1884, afike pakhomo lomwelo patapita zaka 140 n'kulidutsa ali m'basi, akuyang'ana kumbali.